Babatoni inalira pa Zanzibar

Pali lamulo limodzi limene eni ake a cikondwerero ca nyimbo ca Sauti za Busara, ca pa cisumbu ca Zanzibar, amaligwiritsitsa: woimba aliyense wokwera pa siteji yao aimbe ndi mau ake, ndipo ciliconse cimene khutu likumva cicokere m'manja mwa munthu amene maso akumuona. Zoika CD kapena kafulashi m'makina, mwini wake n'kumangogwedeza milomo ndi kulumphalumpha, kumeneko sazilola. Lamuloli lioneka laling'ono, koma inu amene munalipirapo ndalama pakhomo kuno kwathu, n'kupeza kuti bandi yonse ndi mnyamata mmodzi wobisala kuseri kwa laputopu, mudziwa kuti si nkhani yocepa.

Dzina lakuti Sauti za Busara ndi Ciswahili, ndipo m'cinenero cathu tinganene kuti "mau a nzeru". Cikondwereroci cinayamba m'caka ca 2004, woyambitsa wake ndi a Yusuf Mahmoud pamodzi ndi bungwe la Busara Promotions, ndipo cimacitika m'mwezi wa Febuluwale. M'caka ca 2016 sicinacitike konse cifukwa ndalama zoyendetsera zinasowa. Cinabweranso mu 2017, kuyambira pa 9 mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo cimeneco ndico cimene ine ndinaona ndi maso anga. Zaka zapitapo ndithu, koma zina mwa zimene zinabzalidwa m'masiku anai aja zikubala zipatso lero lino, ndiye cifukwa cake ndati ndikusimbireni.

Azungu ali ndi dzina limene amaitanira zikondwerero za mtundu uwu. Amati ndi za "world music", kunena kuti nyimbo za dziko lonse lapansi. Dzinali silinagwe kumwamba. Analipangana ndi anthu ogulitsa malekodi amene anakumana mu London m'caka ca 1987, atasowa shelefu yoikapo nyimbo za ku Congo, Mali kapena Pakistan m'masitolo. Cikondwerero cochuka ca mtunduwu, WOMAD, cinali citayamba kale ku England mu 1982, ndi woimba Peter Gabriel ndi anzake. Ine dzinali limandiseketsa pang'ono, pakuti licita ngati nyimbo za ku London ndi New York si za pa dziko lino. Ubwino wa ku Zanzibar ndi wakuti kumeneko munthu wa mu Africa sali mlendo woitanidwa kudzakometsa phwando la eni ake. Phwando ndi lake. Mzungu ndiye agula tikiti yodula kuposa onse, wocokera m'maiko ena a mu Africa yocepako, mwini dziko wa ku Tanzania yochipa.

Ulendo wake suvuta kuufotokoza. Njanji ya TAZARA icokera pa Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860, masiku awiri m'sitima. Kucoka apo ndi boti, maola ngati awiri pa nyanja yamcere. Caka cimeneco nyimbo zinali kuimbidwa m'linga lakale lochedwa Ngome Kongwe, m'kati mwa Stone Town, limene Aluya a ku Oman anamanga ca m'ma 1700 atapitikitsa Apwitikizi. Makoma ake ndi acindikire, a miyala ya m'nyanja, ndipo denga lake ndi thambo. Kunja kwa cipata kuli munda wa Forodhani, kumene madzulo amaocha nsomba ndi nkhanu ndi kufinya madzi a nzimbe, kotero kuti utsi wa makala umalowa m'linga pamodzi ndi kamphepo ka kunyanja.

Cikondwerero cimayamba ndi perete wa m'miseu dzuwa litapendeka. Muli oyenda pa mitengo italiitali ngati makanja, anyamata opidiguka m'malere, ndi gulu la beni, la malipenga amkuwa ophwanyikaphwanyika ndi ng'oma yaikulu ya asilikali. Mwana wa kum'mawa akamva beni sacita kufunsa, miyendo imadziwa yokha. Liu lakuti beni linacokera ku liu la Cingerezi lakuti band. Gule ameneyu anabadwira m'matauni a Aswahili a m'mbali mwa nyanja ca m'ma 1890, anyamata akutsanzira, mwinanso kuseka, magulu a malipenga a asilikali a azungu. Asilikali ndi amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamodzi ndi opita ku nchito zakutali, anamunyamula kulowa naye m'kati mwa dziko. Kwa Ayao a ku Mangochi akali beni mpaka lero, kwa Atonga a ku Nkhata Bay anasanduka malipenga, kwathu kum'mawa ndi mganda, ndipo ku migodi anabala kalela, amene J. Clyde Mitchell anamulemba m'buku la 1956 ataonerera ovina a ku Luanshya. Zipanda zimene anyamata a mganda amaliza, zomata kansalu koyera ka kangaude, ndi malipenga amkuwa omwe aja, kungoti anawaumba ndi zimene zinali pafupi. Conco ndisanalowe n'komwe m'linga ndinali nditaonana kale ndi agogo ake a gule wa kwathu.

M'kati mwa linga, mayeso oyamba a khutu anali taarab, nyimbo za eni cisumbu. Munthu wokulira pa ng'oma amayembekeza kuti nyimbo imugwire m'ciuno kapena m'mapewa. Taarab siitero ai. Oimba amakhala pa mipando m'mizere, atavala zaulemu ngati opita ku ukwati, mavayolini akuyendera pamodzi, udi, akodiyoni ndi ting'oma ta m'manja tikutsatira pang'onopang'ono. Patsogolo pamakhala qanun, thabwa lafulati la nsambo zopitirira 70, limene woimba amaliika pa miyendo ndi kulikodola ndi timinyanga tomangirira ku zala zamkombaphala. M'mbali mwake muli tizitsulo tating'ono timene amatitembenuza nyimbo ili m'kati, kuti apeze mau amene amakhala pakati pa makiyi awiri oyandikana a kiyibodi. Mau amenewo kiyibodi ya m'kwaya ilibe. Poyamba khutu lathu limayesa kuti cipangizo sicinacunidwe bwino, koma ukadekha umazindikira kuti cisoni conse ca nyimboyo cagona pa mau omwewo.

A Rajab Suleiman, amene anakulira m'gulu lakale la Culture Musical Club asanayambitse lao la Kithara, ndiwo anandionetsa cimene qanun ingacite. Nkhope inali phee, thupi osagwedezeka, koma zala zikuthamanga ngati mvula yoyamba pa malata. Gulu lao ndi laling'ono, ndipo limasakaniza taarab ndi ng'oma za kumidzi ya pa cisumbupo, kotero kuti ife a kumtunda tinapeza pogwira. Gulu lina linali Tausi, la amai okhaokha, limene linayamba mu 2009 motsogozedwa ndi mai Mariam Hamdani. M'magulu akale a taarab mkazi anali kuimba ndi pakamwa cabe, zipangizo zinali za amuna. Kuona amai acikulire atafunda kumutu, vayolini ili pacibwano, uta ukukwera ndi kutsika pamodzi osasemphana, zinandikumbutsa kuti miyambo yambiri imene timati njosasinthika imangodikira munthu wolimba mtima.

Ndipo m'mbiri ya taarab amai olimba mtima sanayambe lero. Akuti kaimbidwe aka kanabwera ndi Sultan Barghash, amene analamulira kuyambira 1870 mpaka 1888, kucokera ku Egypt, kuti kazimusangalatsa m'nyumba yacifumu, ndipo mau ake anali Ciarabu. Amene anakatulutsira kubwalo ndi mai wa kumudzi, wogulitsa mbiya, Siti binti Saad, amene anaimba m'Ciswahili za milandu ndi madandaulo a anthu wamba, ndipo mu 1928 anakajambula malekodi ku Bombay. Wotsatira mapazi ake anali Fatuma binti Baraka, wodziwika kuti Bi Kidude, nkhalamba yocepa thupi, ya mau osasa, imene inali kuomba ng'oma yaitali ya msondo itaimangirira m'ciuno. Anali namkungwi wa unyago, cinamwali ca kumeneko. Kwa zaka zambiri ndiye anali ngati mwini bwalo la Busara, kufikira anamwalira mu Epulo 2013, zaka zake akuti zitapitirira 100.

Komabe ndinene cilungamo: taarab pa cikondwerero ili ngati nsomba ya m'beseni. Kwao kwenikweni ndi pa ukwati, pamene nyimbo imodzi ingatenge nthawi yaitali osathamangitsidwa, ndipo mau ake ndi ophiphiritsa, monga nyimbo za pamtondo zimene amai athu anali kudzudzula nazo mwamuna waulesi kapena mkazi mnzao osamuchula dzina. Mai amene mau amukhudza amanyamuka, ndalama ili m'mwamba, akuvina pang'onopang'ono kukaipereka kwa woimba, ndipo aliyense pamenepo adziwa amene akunenedwa. Pa siteji yaitali, pamaso pa alendo osamva Ciswahili, ena akuceza mokweza botolo lili m'manja, mbali imeneyo imatayika. Cimatsala ndi kukoma kwa nsambo, kumene sikocepa, koma ndi theka cabe.

Dzuwa likalowa, mizikiti ya mu Stone Town ikayamba kuitana, nyimbo zimayamba zaima kuti Asilamu apemphere. Khamu lonse, okhulupirira ndi osakhulupirira, limadikira. Ndinaciona cinthu caulemu kwambiri, ndipo sindinamve wina akudandaula.

Ng'oma zitabwerera, zinabwerera ndi ukali. A Batimbo a ku Burundi amalowa ng'oma zili pamutu, zikuluzikulu zosema pa thunthu la mtengo, akuziomba ali ciyendere. Akazitula amazindandalika ngati mwezi wakhanda, imodzi pakati, ndipo mmodzimmodzi amatuluka kudzaivinira ya pakatiyo, kulumpha mpaka mawondo afike pacifuwa, kamtengo koombera akukazunguza m'khosi. Mau ake samvekera m'makutu okha, amagunda m'nthiti. Ng'oma zimenezi zinali za mafumu, zoombedwa pa kulonga ufumu ndi pa mwambo wodalitsa mbeu, ndipo bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa cuma ca anthu onse mu 2014, monga linacitira ndi Gule Wamkulu ndi Makishi. Miyezi yocepa citatha cikondwerero, mu Okutobala 2017, boma la Burundi linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuomba ng'omazi, ndi lakuti oziomba pa maukwati ndi maphwando ayambe apempha cilolezo. Kaya lamulolo munthu aligwirizana nalo kaya ai, lionetsa nkhawa imene ifenso tiidziwa. Amene munapitapo ku Kulamba ku Mkaika mudziwa kuti gule wobvinidwa pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi gule wobvinidwa pa hotela kuti alendo ajambule si cinthu cimodzi, ngakhale ng'oma ikhale yomweyo. A Batimbo anandigwedeza thupi lonse, koma ndinadziwa kuti ndaona mphindi makumi anai za cinthu cimene kwao cinali ndi mwini, nyengo ndi cifukwa.

A banja la Zawose, ochedwa Chibite, anandifika pamtima mwa njira ina. Iwo ndi Agogo, mtundu wa ku Dodoma pakati pa Tanzania, ana ndi abale a malemu Hukwe Zawose, amene anamwalira mu 2003 atazungulira dziko ndi WOMAD. Cipangizo cao cacikulu ndi ilimba, imene ili kalimba yeniyeni ya Ansenga, kungoti yakula ngati thireyi ndipo mano ake ndi ambirimbiri. Nayonso imanjenjemera ndi kansalu ka kangaude. Pali izeze yokhwekhweretsa ndi uta, ndi amai oomba ng'oma ataipana m'miyendo, mapewa akugwedezeka. Mau ao amalukana, wina pansi wina pamwamba, wina ngati akucokera m'mphuno, mwakuti sudziwa woyambitsa ndani, wolandira ndani. Ndinadzifunsa kuti m'midzi ya ku Petauke mwatsala anyamata angati odziwa kusula mano a kalimba ndi kuwacuna.

Tsono wina asaganize kuti nkhalamba ino idana ndi zamagetsi. Gulu limene linaphulitsa fumbi kuposa ambiri, Jagwa Music, la m'makomboni a Dar es Salaam, limatsogozedwa ndi kakiyibodi ka Casio kocepetsetsa, konga kamene mungagulire mwana pa Khirisimasi. Amakalumikiza ku zokuzira mau mpaka kalire ngati mavu okwiya, kumbuyo kuli ng'oma zingapo ndi kampando kathabwa komenyedwa ndi timitengo. Nyimbo zao amazicha mchiriku, ndipo kwa zaka zambiri mawailesi a kwao sanali kuzikonda, ati ndi za anyamata osowa khalidwe. Liwiro lake ndi loopsa, ndipo kabvinidwe kena ndinayang'ana kumbali, pakuti msinkhu wanga ndi nchito yanga sizilola zonse. Koma palibe batani limene linadinidwa kuti liimbe lokha. Liu lililonse linali kucokera pa cala ca munthu amene thukuta linali kuyenderera. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi zimene zalowa m'makwaya athu ambiri, pamene mnyamata amadina batani, makina n'kuyamba kugunda okha, ng'oma ndi zisekese zitaunjikidwa kuseri kwa citseko. Makina sadikira nkhalamba imene yacedwa kupuma, ndipo samva kuti anthu atenthedwa mtima kuti aonjeze moto. Woomba ng'oma amamva.

Maina akuluakulu analiponso. A Pat Thomas a ku Ghana, amene aimba highlife kuyambira zaka za m'ma 1960, anabwera ndi anyamata a Kwashibu Area Band, malipenga akuyankhana mwaudongo, mau a mkuluyo akali osalala ngati a mnyamata. Freshlyground ya ku South Africa, imene ambiri anaidziwira pa nyimbo ya mpira wa dziko lonse wa 2010 pamodzi ndi Shakira, inasonyeza cimene zaka zambiri zoimbira pamodzi zimacita: palibe woponda mnzake. Rocky Dawuni anabweretsa reggae. Onsewa anagwira nchito yao bwino, ndipo khamu linakondwa. Koma panalinso magulu ena, sindiwachula, amene ukatseka maso sungadziwe ngati acokera ku Nairobi, ku Accra kapena ku Paris. Zipangizo zodula, kabvalidwe kokongola, kulankhula kwambiri za umodzi wa Africa pakati pa nyimbo, koma m'mawa mwake palibe kanyimbo kotsala m'mutu.

Amene anatsala m'mutu anali anthu awiri amene pa pepala la ndondomeko maina ao anali m'zilembo zazing'ono.

A Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, a Madalitso Band, anacokera ku Lilongwe, kumene kwa zaka zambiri anali kuimba m'miseu ndi m'misika, kuyenda pansi ndi katundu wao, kudalira tindalama ta odutsa. Ulendo wa ku Zanzibar unali woyamba kukaimba kunja kwa Malawi. Katundu wao yense angakwane pa njinga imodzi. A Yosefe amakhala pa ng'oma ya cikopa ca ng'ombe, akuigunda ndi cidendene, m'manja muli gitala ya nsambo zinai. A Yobu ali ndi babatoni yopanga okha: mtengo wautali wolowa m'cibokosi cokuta ndi cikopa, nsambo imodzi yokha ya waya. Dzanja limodzi limenya nsamboyo, linalo likutsetsereza kanthu kosalala pa waya, kukweza ndi kutsitsa mau. Basi. Palibe wacitatu.

Anthu poyamba anayang'ana monga muyang'anira cinthu cacilendo ca m'nyumba yosungiramo zakale, mafoni ali m'mwamba. Sipanapite nthawi, mafoni analowa m'matumba, pakuti munthu sangajambule bwino uku miyendo ikudumpha. Cinsinsi ca anthu awiriwa ndi cakuti sasiya mpata. Cidendene sicipuma, gitala ikukhwekhwereza mofulumira ngati cisekese ndi gitala pamodzi, ndipo babatoni ikuyenda pansi pa zonse, nthawi zina kubuula ngati ng'ombe, nthawi zina kukwera kukaimba nyimbo yeniyeniyo pamodzi ndi mwini wake. Pamwamba pake mau awiri, lina lotsogola lina lolandira, ogwirizana monga aimbira anthu amene akhala pamodzi pa njala ndi pa dzuwa. Ukatseka maso umayesa ndi anthu asanu. Luso lotere silipezeka m'situdiyo. Limabadwa pa msika, pamene ukalephera kuimitsa munthu wothamangira minibasi ndiye kuti tsiku limenelo ugona ndi njala.

Kwa ine panali cokoma cina cimene oyandikana nane analibe: ndinali kumva liu lililonse. Patatha masiku akumva Ciswahili, Cirundi ndi zinenero za ku Ghana, mwadzidzidzi Cicewa cinamveka pa zokuzira mau, nkhani za m'banja, za cikondi, za kuyamika Mulungu, malangizo onga a ankhoswe. Koma azungu a ku Ulaya, Aswahili ndi anyamata a ku Kenya amene sanamve kanthu anabvina kuposa ine. Pamenepo ndinaona kuti nkhani ija timauzana, yakuti kuti ukamveke kunja uyenera kuimba m'Cingerezi ndi kamvekedwe ka ku America kapena ku Lagos, ili ndi bodza m'kati.

M'khamu la ku Busara mumakhala anthu ena osabvina kwambiri, ongoima pambali ndi kabuku. Amenewo ndi oyendetsa zikondwerero za m'maiko ena ndi eni makampani a nyimbo, ndipo masana amakhala ndi misonkhano yao yochedwa Movers & Shakers. Iwo safuna cimene ali naco kale kwao. Posakhalitsa a Madalitso anayamba kuitanidwa ku Ulaya. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa cimbale cao ca Wasalala mu 2019 ndi ca Musakayike mu 2022, ndipo aimbapo pa zikondwerero zikuluzikulu monga Roskilde ku Denmark ndi WOMAD. Zipangizo zikali zomwe zija, cinenero cikali comwe cija.

Tsono apa ndi pamene pandiwawa, abale anga, pakuti babatoni si ya Amalawi okha. Ndi cipangizo cathu. Ndiyo msana wa kalindula wa m'midzi, amene anacokera ku Luapula ndi kufalikira dziko lonse, anyamata akusema mabanjo ao, nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ng'oma za zikopa za mbuzi, tizitsekerero ta mabotolo pa waya m'malo mwa zitsulo zodula. M'zaka za m'ma 1980 a PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Masasu anatenga kugunda komweko n'kukuika pa magitala amagetsi, dziko lonse linabvina. Lero mnyamata wonyamula babatoni m'tauni amamuona ngati wosokonezeka mutu, kapena womvetsa cisoni woyenera kuponyeredwa kakobiri. Pa maukwati ndi pa misonkhano timaitana wa laputopu cifukwa ndi wochipa ndipo sadya nsima ya anthu asanu ndi awiri. Ndimvetsa, ndalama ndi yobvuta. Koma ndi mmene oomba amathera: wosaitanidwa saphunzitsa mwana, ndipo mwana wosaona atate ake akulemekezedwa cifukwa ca ng'oma sadzaigwira.

Taonani zimene zinacitika ndi Zamrock. Malekodi a m'ma 1970 anali kudyedwa ndi cinyezi m'makatoni mpaka anthu a ku America ndi ku Ulaya anabwera kudzawafunafuna ndi kuwasindikizanso. Ndipo a Jagari Chanda, amene anali atasiya kuimba n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa siteji ndi WITCH, kuzungulira maiko, n'kutulutsa cimbale catsopano ca Zango mu 2023. Mlendo ndiye anabwera ndi kalumo kakuthwa. Kodi ndi kalindula wa m'midzi tidikiranso mlendo?

Sikuti Zambia sinamvekepo m'linga lija. Mu 2022 Sampa the Great, mwana wobadwira ku Ndola, anaimba pa Sauti za Busara, ndipo caka comweco anakaimba ku Coachella ndi ku Glastonbury ndi bandi ya oimba a kuno kwathu. Iye aimba nyimbo za acinyamata a lero, za rap, koma anaona kuti pa mabwalo otere pafunika anthu ogwira zipangizo, ndipo anabwerera kumudzi kudzawatenga. Zimenezi zionetsa kuti oomba tikali nao. Cosowa ndi mabwalo a kuno amene angaike lamulo longa la ku Zanzibar ndi kuliimirira, ngakhale woimba wochuka atakwiya.

Eni ake a Busara caka ndi caka amalengeza kuti oimba ofuna kudzaimba atumize mapempho ao pa intaneti, miyezi ingapo Febuluwale asanafike. Amafuna nyimbo zojambulidwa, mbiri yacidule ya gulu, zithunzi, ndi vidiyo yoonetsa gululo likuimba pamaso pa anthu. Safunsa satifiketi ya sukulu kapena mtengo wa gitala. Magulu a mabanjo amene ndimawaona pa misika ya ku Katete, Serenje ndi Mansa ambiri sadziwa kuti khomo limeneli lilipo, ndipo ngakhale atadziwa, alibe wowalembera. Mphunzitsi mmodzi wa pa sukulu yapafupi, wokhala ndi foni yojambula bwino ndi Cingerezi cokwanira kudzaza fomu, angathe kugwira nchito imeneyo Ciweru cimodzi masana.